Pepala loonekera: chida chomwe amisiri ojambula sakonda kuchitchula

Cha m'ma 1400, mmisiri wina wa ku Italy dzina lake Cennino Cennini adalemba buku lolangiza anyamata ofuna kuphunzira ntchito yojambula. Sadali munthu wongotola nkhani m'misewu. Adakhala zaka 12 pansi pa Agnolo Gaddi, ndipo bambo ake a Agnolo, Taddeo Gaddi, adasulidwa ndi Giotto mwini wake. M'buku lakelo, lotchedwa Il Libro dell'Arte, muli za kapereredwe ka utoto, kawotchedwe ka makala ojambulira ndi kamangidwe ka burashi. Pakati pa zonsezi adapatula mitu ingapo kuti afotokoze momwe mnyamata angapangire pepala loti ukaliyala pa chithunzi, chithunzicho chizionekera pansi pake.

Njira adapereka zitatu. Yoyamba, tenga chikopa cha mwana wa mbuzi, upite nacho kwa wofufuta kuti achipale mpaka chitsale pang'ono kubooka, kenaka uchipake mafuta a njere za fulakesi ndi kathonje, uchisiye masiku angapo chiume. Yachiwiri ndi yodabwitsa. Upeze mwala wosalala bwino, uupake mafuta a maolivi, uthirepo guluu wotentha wophikidwa kuchokera ku nsomba. Guluuyo akauma umusendeze pang'onopang'ono ndi nsonga ya mpeni, ndipo amachoka ngati kachikopa koonekera mbee. Yachitatu ndi ya aliyense: pepala loyera lopyapyala, kulipaka mafuta omwe aja. Adanenanso ndi kogwiritsa ntchito kwake. Ukapeza mutu wa munthu kapena chithunzi chojambulidwa ndi katswiri, yala pepala lako pamwamba, ulimate m'ngodya zinayi ndi timibulu ta phula lofiira kapena lobiriwira, ulondole mizere ndi cholembera.

Cennini sadalembe izi monong'ona. Kwa iye kulondola mizere ya akuluakulu inali mbali ya maphunziro, chimodzimodzi kupera utoto. Manyazi omwe ojambula ambiri a lero amachita akapezedwa ndi pepala lotere adabwera pambuyo pake kwambiri, ndipo ine ndimaona kuti adabwera ndi anthu oonera zithunzi, osati ozipanga.

Chomwe chimachitika kuti pepala lionekere aliyense adachionapo pa nyuzipepala yokulungira mandasi: pomwe pakhudza mafuta, zilembo za kuseri zimayamba kuwerengeka. Timaulusi ta mtengo kapena ta thonje tomwe timapanga pepala si toyera ayi, kuwala kumadutsamo. Chomwe chimayeretsa pepala ndi mpweya wotsekeredwa m'timipata ta pakati pa timaulusito, chifukwa kuwala kukafika pamenepo kumamwazikira mbali zonse. Mafuta akalowa m'timipatamo amathamangitsa mpweya, kuwala n'kumadutsa mowongoka. Mbiri yonse ya pepalali, kuyambira nthawi ya Cennini mpaka m'mafakitale a lero, yagona pa funso limodzi lomweli, la momwe ungachotsere mpweya m'pepala.

Komatu a ku Italy sadali oyamba. Ku China, komwe pepala lidachokera, adali atazolowera kale ntchitoyi zaka mazana ambiri Cennini asanabadwe. M'chaka cha 353 katswiri wolemba ndi burashi, Wang Xizhi, adalemba mawu oyamba a ndakatulo zomwe iye ndi anzake adapeka pa phwando lina. Zilembo zake 324 zidatchuka kwambiri moti mfumu Taizong ya mzera wa Tang, yomwe idalamulira kuyambira 626 mpaka 649, idachita kufunafuna chikalatacho mpaka kuchipeza. Itachipeza idalamula alembi a kunyumba yachifumu, mmodzi mwa iwo Feng Chengsu, kuti achikopere. Iwo sadangoyang'ana n'kulemba. Ankatenga pepala lopakidwa phula, n'kuliyala pamwamba, n'kulondola m'mphepete monse mwa mzere uliwonse ndi kaburashi kosongoka ngati tsitsi, mbali iyi ndi mbali iyo, kenaka n'kudzaza inki pakati. Ngakhale pomwe burashi ya Wang idagawanika nsonga kapena pomwe adafufuta chilembo, iwo ankatsatira momwemo. Mbiri imati mfumuyo idaikidwa m'manda pamodzi ndi chikalata chenichenicho. Lero palibe chilembo ngakhale chimodzi chotsala chochokera m'dzanja la Wang Xizhi. Munthu amene a ku China amamutcha tate wa luso lolemba timamudziwa kudzera mwa okopera basi, ndipo kope lomwe amati ndi la Feng Chengsu likusungidwa ku Palace Museum mu mzinda wa Beijing.

Tibwerere ku Italy, komwe vuto lidali lina. Wojambula pa khoma la tchalitchi ankapaka utoto pa pulasitala wa laimu akadali wamuwisi, kuti utoto ulowerere n'kuuma pamodzi ndi khomalo. M'mawa womanga ankamata gawo lokwanira tsiku limodzi lokha, ndipo wojambula ankayenera kulimaliza lisanaume. Pamenepo panalibe nthawi yoima n'kumaganiza kuti mkono upindikire kuti. Kuganiza konse kunkachitikira pansi, pa mapepala omatidwa pamodzi mpaka kukula ngati khoma lomwelo. Chithunzi chikakhala bwino, anyamata ankatenga singano n'kuboola timabowo motsatira mzere uliwonse, kadiso ndi kadiso, chala ndi chala. Pepalalo ankalikweza pa nsanja, kuliyedzamiritsa pa pulasitala, n'kumaliguguda ndi kathumba ka nsalu kodzaza fumbi la makala. Akalichotsa, pakhoma pankatsala timadontho takuda tondondozana, ndipo mmisiri ankangotilumikiza ndi burashi. Ofuna kufulumira ankasiya singano, n'kumangokanikiza kachitsulo kosongoka pamwamba pa pepala kuti mzere udindike m'pulasitala wofewayo. Michelangelo adagwiritsa ntchito njira zonse ziwiri pa denga la Sistine Chapel pakati pa 1508 ndi 1512, ndipo omwe adakwerapo kukatsuka dengalo adazipeza zizindikirozo zikadalipo.

Mapepala ambiri oterewa adathera pakhoma pomwepo, atanyowa ndi laimu ndi kudetsedwa ndi makala. Limodzi mwa ochepa omwe adapulumuka ndi la Raphael, la chithunzi chotchedwa School of Athens, lomwe lili ku Ambrosiana mu mzinda wa Milan. M'litali mwake ndi pafupifupi mamita 8, ndipo ukaliyandikira timabowo ta singano tikuoneka. Chosangalatsa n'chakuti munthu wokhala pansi kutsogolo kwa chithunzi cha pakhoma ku Vatican, yemwe wagwira tsaya atatsamira pa mwala, papepalapo palibe. Raphael adamuwonjezera pambuyo pake. Zomwezi zidachitika ku England. Mu 1537 Hans Holbein adajambula mfumu Henry VIII pa khoma la nyumba yachifumu ya Whitehall. Nyumbayo idapsa mu 1698, koma mbali ina ya pepala lake lobooledwa ili ku National Portrait Gallery ku London. Papepalapo mfumu yatembenuzira nkhope kumbali pang'ono, pomwe pakhoma, malinga ndi kope lomwe lidajambulidwa moto usanabuke, idayang'ana woonera maso ndi maso. Amisiriwa ankasamutsa mizere, inde, koma maso awo sankagona. Akafika pakhoma ankasinthabe.

Wogona maso analiponso, ndipo anthu adamuona. Pietro Perugino, yemwe adaphunzitsa Raphael, adali ndi ntchito zambiri moti ankasunga mapepala ake n'kumawabwereza: mngelo yemweyo ku tauni iyi, mngelo yemweyo ku tauni inayo, nthawi zina atangomutembenuza. Giorgio Vasari, yemwe adalemba mbiri ya amisiri a ku Italy, akuti chithunzi chomwe Perugino adapangira tchalitchi cha Annunziata ku Florence chitavundukulidwa, amisiri achinyamata adamuseka poyera kuti wawapatsa nkhope zakale zomwe. Iye adadabwa, poti zidali nkhope zomwezo zomwe adamutamanda nazo kale. Apa ndi pomwe pali malire enieni. Sadamudzudzule chifukwa chogwiritsa ntchito pepala, popeza onse omusekawo ankaligwiritsanso ntchito. Adamudzudzula chifukwa adaleka kuyang'ana.

Kwina konse kumene anthu ankajambula mwaukatswiri kudali njira yakeyake. Ku India mabanja a ojambula ankasunga timizere ta nkhope za mafumu, akavalo ndi njovu pa kachikopa kopyapyala ka gwape kobooledwa ndi singano, ndipo kankachoka kwa bambo kupita kwa mwana ngati chuma cha pamtundu. Ku Japan wojambula ngati Hokusai ankapereka chithunzi chake pa pepala lopyapyala, wosema n'kulimata chafufumimba pa thabwa, kulipala mpaka mizere ionekere kuseri, n'kusema momwemo. Chithunzi cha mmisiri chinkathera pa mpeni wa wosema kuti zikwi za makope zibadwe.

Pepala lopaka mafuta lidali ndi chilema chachikulu. Pakapita zaka mafutawo amasanduka achikasu, kenaka ofiirira, ndipo pepala limauma gwaa mpaka kuthetheka ukangolipinda. Osunga zakale m'nyumba zosungiramo mabuku akulimbana nalo vutoli mpaka lero. N'chifukwa chake m'zaka za m'ma 1800, mafakitale atachuluka ku Ulaya, anthu adafunafuna njira zina. Kampani ya Canson ya ku Annonay m'dziko la France, yomwe idachokera ku banja la Montgolfier lotchuka ndi chibaluni chouluka, idali m'gulu la oyambirira kugulitsa pepala loonekera lopangidwa kufakitale. Mu 1853 W. E. Gaine wa ku England adalembetsa njira yoviika pepala mu asidi kwa kanthawi kochepa n'kulitsuka msanga. Asidiyo amasungunula pamwamba pa timaulusi, timipata tonse n'kutsekeka. Njira yomwe idapambana pamapeto pake ndi yosafuna mafuta kapena asidi: kusinja phala la pepala m'madzi nthawi yaitali zedi mpaka timaulusi titaphwanyika n'kukhala ngati odzola, kuti pouma tigwirane popanda mpata wa mpweya. Pepala lotuwira lomwe timagula lero m'masitolo a zolembera, lomwe ogulitsa amangoti tracing paper, lambiri amalipanga chomwechi. Kusinja komweko ndi komwe kumalichititsa kuopa madzi kwambiri, nkhani yomwe tiipeza kutsogoloku.

Omwe adalikuza pepalali sadali ojambula zithunzi koma mainjiniya. Mu 1842 John Herschel adatulukira mankhwala a chitsulo omwe amasanduka abuluu akaombedwa ndi dzuwa. Pofika m'ma 1870 maofesi a mapulani adaona phindu lake. Pulani ya mlatho kapena ya injini inkakoperedwa ndi inki yakuda bii pa pepala loonekera, kapena pa nsalu yopyapyala yokhutitsidwa sitachi. Kenaka ankaiyala pamwamba pa pepala la mankhwala lija m'felemu ya galasi, kuitulutsa padzuwa, n'kutsuka ndi madzi. Pomwe padali inki pankatsala poyera, pena ponse buluu. Pulani imodzi inkabala makope ochuluka momwe ungafunire, pomwe kale aliyense ankachita kulembedwa pamanja. Apa padabadwa ntchito yatsopano, ya okopera mapulani, ndipo ku Britain ambiri mwa iwo adali atsikana ndi amayi. Ankakhala m'zipinda zawozawo m'mafakitale a sitima ndi a njanji, ataweramira matebulo tsiku lonse, malipiro awo ochepa poyerekeza ndi a amuna olemba mapulaniwo, chonsecho mzere umodzi wolakwika ukadatha kuwonongetsa chitsulo cha ndalama zambiri. Mapulani a nsalu akatha ntchito, ena ankawatengera kunyumba, kuwawiritsa kuti sitachi ndi inki zichoke, n'kusokamo timipango. Sitima yathu ya Ilala ndi ya nyengo imeneyo. Idapangidwa ndi kampani ya Yarrow ku Scotstoun, m'dera la Glasgow, mu 1949, idabwera m'zidutswazidutswa kudzera ku Mozambique, ndipo idayamba kuyenda pa nyanja ya Malawi mu 1951. Chombo chotere sungachilumikize kutali ndi komwe chidapangidwa popanda mulu wa mapulani, ndipo masiku amenewo pulani inkachulukitsidwa podzera pa tebulo la wokopera.

Pa ojambula zithunzi, yemwe adalikonda pepalali mopanda manyazi ndi Edgar Degas wa ku Paris. Atakalamba, maso akuvuta, adayamba kujambula ovina ndi amayi osamba ndi makala pa pepala loonekera. Akamaliza ankayala lina pamwamba, kulondola, kukweza mkono pang'ono, kupinda msana mowonjezera. Nthawi zina ankalitembenuza kuti woyang'ana kumanja ayang'ane kumanzere, kapena kusanjikiza ovina awiri kuti apange gulu. Malo akachepa ankamatirira kachidutswa m'mphepete. Zomwe zamukhutiritsa ankazimatitsa pa katoni n'kuzipaka choko cha mitundumitundu, chosanjikiza kangapo. Degas sankakopera wina aliyense koma iye mwini, ndipo zambiri mwa zithunzi zake zamphamvu za m'ma 1890 zidabadwa motere. Kwa ine uku ndiye kugwiritsa ntchito pepalali kopambana konse: limakulola kukonza chithunzi popanda kupha chomwe chidali bwino kale.

Ku Africa kuno pepala loonekera lili ndi mbiri yakeyake, ya m'mapanga. Kamera isanafike poti n'kugwira utoto wofwifwa, ofufuza zithunzi za pamiyala ankayala pepala pathanthwe n'kumalondola. Ena adawononga. Gulu la Henri Lhote, lomwe lidakopera zithunzi za ku Tassili m'dziko la Algeria kuyambira 1956, linkanyowetsa miyala ndi siponji kuti utoto uwale, ndipo zithunzi zina zidazilala chifukwa cha zimenezo. Ena adaona zomwe mitima yawo inkafuna. Wansembe wa ku France, Henri Breuil, ataona chithunzi china ku phiri la Brandberg ku Namibia, adalengeza kuti ndi mzimayi wachizungu wochokera ku maiko a kunyanja ya Mediterranean, ndipo dzina loti White Lady lidakanirira mpaka lero. Kudatengera munthu wodekha, Harald Pager, yemwe adakhala m'phirimo kuyambira 1977 mpaka imfa yake mu 1985 akukopera zithunzi zoposa 40,000 pa mapepala apulasitiki oonekera, kuti zioneke bwino lomwe zomwe zili pamwalapo. Chithunzicho ndi cha mwamuna, wojambulidwa ndi eni dera, atapakidwa zoyera m'miyendo monga amachitira a pamwambo. Anthu awiri, thanthwe limodzi, zotuluka zosiyana. Pepala limangoonetsa zomwe zili pansi pake, koma wosankha mzere woti autsate ndi munthu. Izi zikutikhudza, chifukwa ku Chongoni m'boma la Dedza kuli malo 127 a zithunzi zotere, zofiira za Akafula ndi zoyera za Achewa zokhudza nyau ndi chinamwali, ndipo bungwe la UNESCO lidawaika pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse mu 2006. Mlendo wopita kumeneko asayerekeze kuyala pepala pathanthwe kapena kuthirapo madzi. Kamera ya pafoni ndi yokwanira.

Kompyuta idalanda ntchito ya okopera mapulani. Pulogalamu ya AutoCAD idatuluka mu 1982, ndipo pasanathe zaka makumi awiri zipinda zija zidatsekedwa. Koma mapulogalamu ojambulira adatengera nzeru yomweyo yosanjikiza mapepala oonekera, ndipo akatswiri ambiri olemba mapulani a nyumba amayambabe ndi mpukutu wa pepala lopyapyala asanayatse kompyuta. Telala wokopera patani ya diresi, wolemba zikwangwani za masitolo, wophunzira wolondola mapu a Malawi ndi nyanja yake atatsamiritsa kope pawindo, onsewa akuchita zomwe Cennini adalangiza.

Wofuna kugula ayang'ane nambala ya kulemera kwake, yomwe imalembedwa pachikuto m'magalamu. La pakati pa 40 ndi 50 ndi lopyapyala, lotchipa, loyenera kuyeserera maganizo n'kutaya. La 60 mpaka 70 ndi lokwanira kusamutsira chithunzi. La 90 kupita m'tsogolo limapirira labala ndi inki, ndipo ndi lomwe ungasunge n'kugwiritsanso ntchito. Kukhuthala sikutanthauza kuonekera bwino, choncho uliyale pa nyuzipepala m'sitolo momwemo uone ngati tizilembo tating'ono tikuwerengeka. Pepala lophikira makeke limaoneka lofanana nalo, koma lambiri limakhala loterera moti pensulo siigwira.

Kasamutsidwe kake n'kosavuta. Ukalondola chithunzi chako, tembenuza pepala, upake pensulo yofewa ngati 4B kuseri kwa mizere yokhayo. Ulibwezere, ulimate ndi tepi m'mphepete mwa kumtunda kokha kuti uzitha kulitukula n'kusuzumira osalisuntha, kenaka udutsenso m'mizere ndi pensulo yolimba yosongoka. Dzanja lipepuke. Ukakanikiza kwambiri umakumba ngalande m'pepala la pansi, ndipo utoto wamadzi umakadikha m'menemo n'kusiya mzere wakuda wosachotseka. Kaboni wa m'mabuku a malisiti usamuyandikize pa chithunzi choti chipakidwe utoto, chifukwa ali ndi phula lokana madzi, safufutika, ndipo buluu wake amatha kutulukira pamwamba pa penti. Pa nsalu yaikulu kapena pakhoma, singano ndi kathumba ka makala osinja zikugwirabe ntchito monga kale. Ndipo kumbukira kuti pepalali limamwa chinyezi. Dontho limodzi la madzi limalikhwinyatitsa, thukuta la m'manja limalitupitsa, ndipo m'nyengo ya dzinja limatha kutanuka moti mizere yomwe udalondola dzulo siigwirizananso ndi ya lero. Ika kapepala kena pansi pa dzanja, umalize kulondola tsiku lomwelo, ulisunge logona pakati pa makatoni awiri.

Za umwini ndi nkhani ina. Kulondola chithunzi cha mnzako kuti uphunzire ndi sukulu, koma kuchigulitsa ngati chako ndi kuba, ndipo lamulo la Malawi la 2016 loteteza ntchito za aluso limatetezanso zojambula ndi zithunzi za kamera.

Kwa aphunzitsi a zaluso m'sukulu zathu pempho langa ndi ili: mwana mukamupeza akulondola chithunzi pawindo, musamulande pepala. Mulekeni amalize, mumufunse chifukwa chomwe mzere wa phewa wapindikira pomwe wapindikirapo, kenaka muchotse chithunzicho ndi kope lake lomwe, mumupatse pepala loyera kuti achijambulenso ndi maso okha.